Tipatseni khoma limodzi pa Chitakale tijambulepo mbiri yathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera mu nyuzipepala yanu pa nkhani yomwe ena ayiona ngati yaing'ono poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu komanso kusowa kwa mafuta, koma ine ikundidya mumtima. Nkhani yake ndi ya makoma a pa Chitakale ndi pa Boma kuno ku Mulanje, zomwe zalembedwapo ndi zomwe sizinalembedwepo.

Aliyense amene anatsikapo minibasi pa Chitakale, kaya wadzera ku Midima kaya wadzera kwa Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, akudziwa momwe pamaonekera. Shopu iliyonse yoyang'ana kumsewu inapakidwa penti ya kampani, iyi ya foni, iyo ya sopo, inayo ya zakumwa, pena ya mbewu ya chimanga, ndiye mwini shopu sungamunene chifukwa penti ndi yodula ndipo akabwera anthu nkumuuza kuti tikupakirani ulere bola tilembepo dzina lathu iyeyo akana bwanji. Nthawi ya kampeni ya zisankho za pa 16 September 2025 tinaonanso makoma, mitengo, ma polo a magetsi mpaka milatho zitadzadza nkhope za anthu ofuna mavoti, zina mpaka pano zikadali pomwepo zikusuwa ndi dzuwa. Koma yendani kuchoka pa Chitakale kukafika pa Boma, mukafike ngakhale kwa Limbuli, simupeza khoma ndi limodzi lomwe lomuuza mwana wa sukulu kapena mlendo kuti anthu okhala panowa ndi ndani, anachokera kuti, anakumana ndi zotani. Tauni yonse ikuuza anthu zoti agule basi.

Chomwe chandipangitsa kulemba ndi ichi. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, kukhala malo achitatu m'Malawi muno pambuyo pa Lake Malawi National Park yomwe inalowa mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza zomwe zinalowa mu 2006. Ndipo phirili sanaliikepo chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa kokha ayi, mamita 3,002 aja, analiikapo chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, zikhulupiriro zawo za mizimu ya m'phirimo ndi malo awo opembedzera. Tinasangalala, pa wailesi zinanenedwa, pa Facebook anthu anaika zithunzi. Koma alendo omwe akubwera chifukwa cha nkhaniyi amangotsika pa Chitakale, kugula madzi, kukwera kabaza wa njinga yamoto ulendo wa ku Likhubula, akatsika phiri nkumapita kwawo osadziwa kalikonse za anthu aja UNESCO ikunena. Nanga ana athu omwe? Afunseni za Dziwe la Nkhalamba akuuzani kuti nkosambira pa Khrisimasi, za nsembe zomwe makolo ankapereka kumeneko ndi ochepa angakuuzeni.

Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la shopu ina pomwepa, ndiye tsiku lonse maso anga amakhala pa makoma amenewa ndi pa anthu odutsa. Mayi anga anagwira ntchito yothyola tiyi mpaka msana unawakana. Ndimakumbukira ankadzuka kusanache, chiperoni chili waa, kumanga chipepala cha pulasitiki m'chiuno kuti mame a m'tiyi asawanyowetse, dengu lalikulu kumsana, manja onse awiri akugwira ntchito nthawi imodzi kuthyola timasamba tiwiri ndi kansonga nkumaponya kumbuyo osacheuka. Zala zawo zinali zakuda ndi zong'ambikang'ambika m'mbali mwa zikhadabo, sopo sankachotsa. Dzuwa likapendeka ankaima pamzere ku sikelo, kapitawo akuyang'ana ngati muli masamba okhwima, kalaliki akulemba ma kilo, ndipo mwa ma kilo amenewo ndi momwe munatuluka yunifolomu yanga ndi makope. Amayi otere ku Mulanje ndi ku Thyolo alipo masauzande, dzulo ndi lero. Zithunzi za minda ya tiyi zili pa makalendala ndi pa intaneti mbwee, zobiriwira bwino phiri lili kumbuyo, koma munthu wothyolayo amaoneka patali ngati kadontho, nkhope yake osaoneka. Ine ndikufuna khoma lomwe mayi wothyola tiyi adzajambulidwe wamkulu, kuyambira pansi mpaka kudenga, nkhope yake ikuoneka, zala zake zikuoneka.

Ndipo mbiri yake tisaibise. Tiyi kuno anayamba kubzalidwa ngati mbewu ya malonda cha mu 1891 pomwe mzungu wina Henry Brown anabzala ku Thornwood, kenako ma esiteti anafalikira, Lauderdale ndi ena, mpaka ku Thyolo komwe Satemwa inayamba mu 1923. Mayina a azunguwo analembedwa m'mabuku ndipo ma esiteti ena akudziwikabe ndi mayina omwe iwo anapereka. Amene anagwetsa mitengo, kuzula zitsa, kukumba maenje ndi kusenza njerwa za mafakitale mayina awo sanalembedwe paliponse. Ambiri mwa iwo anali Alhomwe omwe anayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi kumayambiriro kwa 1900 pothawa nkhanza za Apwitikizi, misonkho ndi ntchito yokakamiza, kufika kuno nkupeza malo abwino onse ali m'manja mwa azungu, ndiye kuti upeze pomanga nyumba ndi kamunda umayenera kugwira thangata, miyezi ingapo pachaka ukugwirira mwini esiteti m'malo mwa lendi ndi msonkho, ndipo miyezi yake inali ya dzinja yomwe iwenso umafunika kumunda kwako. Mpaka lero vuto la kuchepa kwa malo ku Mulanje ndi ku Thyolo gwero lake ndi lomwelo, banja lonse likulima kachigawo kosakwana ndi ekala yomwe kutsidya kwa msewu kuli tiyi mpaka maso kutopa. Mwana amene sadziwa mbiriyi amaganiza kuti makolo ake anali aulesi nchifukwa chake alibe munda.

Mu August 1953 ku Thyolo, cha ku Luchenza, kunabuka zipolowe pa esiteti ina zomwe zinafalikira m'madera ozungulira, anthu atatopa ndi thangata komanso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinali chitangoyamba, ndipo anthu anaphedwa ndi mfuti za boma la atsamunda. Zaka khumi izi zisanachitike, mu 1943, a Lewis Bandawe anayambitsa bungwe la Alhomwe lomwe linalimbana kuti boma lisiye kutchula mtunduwu ndi dzina lonyoza lija loti Anguru. Kodi ndi ana angati a fomu folo pa Boma pano amene anamvapo za a Bandawe? Ndi angati akudziwa kuti pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pankadutsa njira ya akapolo yopita kunyanja ya mchere, ndipo Fort Lister inamangidwa mu 1893 kuti itseke njira imeneyo? Mabwinja ake alipobe, tchire lokhalokha. Mbiri imeneyi ndi yowawa ndipo imakhudza mafumu ndi mitundu yomwe zidzukulu zake lero tikukhalira limodzi, kukwatirana, kupemphana mchere, ndiye ndikudziwa ena anena kuti zisiyeni zakale mungayambanitse anthu. Ine ndikuona kuti chomwe chimayambanitsa anthu ndi kumva mbiri mwa theka kumowa, osati kuiona itajambulidwa poyera mafumu ndi akuluakulu a mitundu yonse atakhala pansi nkugwirizana kuti zinayenda chonchi.

Taonani za a John Chilembwe. Atalephera kuukira kwa mu January 1915 anathawa kulowera ku Mozambique ndipo anawomberedwa pa 3 February 1915 m'dera lomwe nthawi imeneyo linali la boma la Mulanje. Tili nawo pa ndalama ya K500 ndi K2,000, pa 15 January timapuma. Mu September 2022 Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anaimika chiboliboli chawo pa Trafalgar Square mumzinda wa London, a Chilembwe atavala chipewa pamaso pa mzungu, zomwe nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa. Anthu a ku London anakhala akudutsa pansi pa chiboliboli chimenecho kwa zaka ziwiri. Ife kuno komwe anathera ulendo wawo tilibe ngakhale chithunzi cha penti pakhoma la msika. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, Akonzi.

Ena anena kuti nanga si tili ndi Mulhako. Zoona, Mulhako wa Alhomwe chiyambireni mu 2007 nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika wachita zambiri, mwezi wa October pa Chonde pamadzadza, tchopa amavinidwa mpaka fumbi koboo, kalongonda ndi makaka zimadyedwa, anthu omwe kale ankachita manyazi kutchula mtundu wawo lero amavala nsalu yake monyadira. Tchopa yemweyo UNESCO inamuzindikira mu 2014. Koma mwambowu ndi wa masiku ochepa pachaka, matenti akachotsedwa ana abwerera ku makoma a sopo aja. Komanso Mulanje si wa Alhomwe okha, Amang'anja analipo kale, Ayao alipo, alipo omwe anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980 nkukhazikika ngakhale mtendere unabwera mu 1992, alipo aphunzitsi ndi anamwino ochokera kumpoto omwe akalambira konkuno. Khoma la pamsika ndi la onsewa, silifunsa kuti ndiwe wa mtundu wanji ndipo limaoneka tsiku lililonse, wopita kuchigayo aliona, wodikira minibasi aliona.

Ojambula tili nawo, nkhani yoti tikaitane anthu ku Blantyre kapena ku Lilongwe palibe. Pali mnyamata wina amalemba masayini kuno, ine ndamuonerera akugwira ntchito pa shopu yoyandikana ndi yanga. Alibe makina alionse. Amatenga ulusi nkuupaka choko, mnzake agwira uku iye uku, kuukoka nkuusiya umenye khoma kuti mzere uwongoke, penti amasakanizira m'mabotolo odula pakati, burashi ina anaipanga yekha pomangirira ubweya kukamtengo ndi mphira wa chubu cha njinga. Zilembo amalemba ndi dzanja koma ungalumbire kuti zadindidwa. Pa babashopu ina anajambula mitu ya anthu yoonetsa masitayilo ometera ndipo mutu umodzi aliyense wodutsa amauzindikira kuti ndi wa mkulu wina wogulitsa nanazi pamseu, anangomuyang'ana kangapo nkumujambula. Luso lotere likuthera polemba kuti pano tikugulitsa zipisi ndi mazira, malipiro ake osakwana ndi thumba la ufa lomwe, ndipo masiku ano ntchito ikumuchepera chifukwa ambiri akukadinditsa mabana a pulasitiki pa kompyuta omwe sachedwa kung'ambika ndi mphepo.

Palinso osema a ku Likhubula ndi m'mbali mwa msewu omwe kwa zaka zambiri ankapanga timabokosi ndi ndodo za mkungudza. Mtengo umenewu a Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984, mwachilengedwe umamera m'phiri lathu lokha basi padziko lonse, koma unadulidwa mpaka ikuluikulu yonse kutha, panopa a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango pamodzi ndi anthu a m'midzi akuyesetsa kubzala ina. Osemawo ambiri manja ali lende. Atapatsidwa ntchito yosema zikwangwani za mbiri ndi mitengo ina yololedwa, kapena kuumba ndi simenti, akhoza kuonetsa zomwe amatha. Ndipo mkungudzawo uyenera kukhala pakhomapo, waukulu momwe unkakhalira, kuti mwana wobadwa lero adziwe chomwe tinataya ndi chomwe akubzalacho chidzakhale.

Kuti zotere zimatheka umboni ulipo m'Malawi momwemuno. Amene anafikako ku Mua ku Dedza anaona zomwe a Kungoni anachita kuyambira mu 1976 motsogozedwa ndi bambo Claude Boucher, makoma a nyumba yosungiramo mbiri ajambulidwa nkhani za Achewa, Angoni ndi Ayao ndipo ojambula ndi osema ake ndi anthu a m'midzi yomweyo omwe anaphunzitsidwa pomwepo, lero alendo amachoka kutali kukaona. Ku Chongoni makolo athu ankajambula pamiyala ndi dothi lofiira ndi loyera, zina zokhudza chinamwali zina za Nyau, ndipo zakhala zaka mazanamazana. Kujambula pakhoma si chinthu chachilendo chobwera ndi azungu ayi, ngakhale amayi akumudzi akamazira nyumba amakongoletsa m'munsi mwa khoma ndi dothi lakuda kapena lofiira, ena kuikapo timaluwa.

Koma gawo lomwe ndikulifuna kwambiri pakhomali ndi la Napolo. Mu March 1991 madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi nkukokolola Phalombe, yomwe nthawiyo inali mbali ya boma la Mulanje, anthu mazanamazana anapita. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anabwera, mvula masiku angapo osakata, mapiri anagumuka, mitsinje ya Ruo, Muloza, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila inasefukira, milatho inaduka, ndipo m'dziko lonse anthu opitirira 1,000 anafa pophatikiza omwe sanapezeke. Kuno palibe amene sanataye wachibale, mnzake wa kutchalitchi kapena kasitomala. Ine pali mayi wina anandisiyira nsalu ziwiri kuti ndimusokere za ana ake sabata yomweyo mvula isanayambe, sanabwerenso kudzatenga, ndipo abale ake atabwera patapita miyezi anandiuza kuti thupi lake silinapezeke. Mabanja otere alibe manda oti akasese. Maliro sanalire bwinobwino chifukwa aliyense anali kumisasa, m'makalasi a sukulu, akudikira ufa ndi mabulangete. Kukanakhala khoma lolembedwa mayina a anthu amenewa mudzi ndi mudzi, mabanja atavomereza okha, bwenzi pali poti munthu nkukaima mwezi wa March, kukhudza dzina la mayi ake ndi chala, abusa ndi mashehe nkupemphera. Ndipo khoma lomwelo likanamakumbutsa tonse, ndi akuluakulu a boma omwe, kuti m'mphepete mwa mtsinje ndi m'tsinde mwa phiri lopanda mitengo si pomanga nyumba, chifukwa taonani anthu ena abwerera kale malo omwewo poti alibe kwina kolowera.

Za ndalama ndikudziwa zifunsidwa. Sindikupempha chipilala cha mamiliyoni chodzatsegulidwa ndi nduna. Ndikupempha khoma lomwe lilipo kale, la msika kapena la depoti kapena mpanda wa bwalo la mpira, khonsolo ya Mulanje ingolola kuti pamenepa pasalembedwe zamalonda kapena zandale. Pulasitala, penti yabwino ndi malipiro a ojambula ndi zomwe zikufunika. Pali thumba la chitukuko cha m'madera lija la CDF, ma esiteti a tiyi omwe apindula ndi nthaka ino zaka zoposa 100 akhoza kuthandizapo, eni malo ogona alendo nawonso, ngakhale ife a bizinesi zing'onozing'ono tikhoza kusonkha monga timasonkhera pamaliro, mutu umodzi susenza denga. Chomwe ndikukana ndi chakuti wopereka penti adzalamule zojambula. Dzina lake lilembedwe pakona mwa zilembo zing'onozing'ono, ndi ulemu wokwanira umenewo, koma nkhope ya phungu kapena chizindikiro cha kampani chisadzakhale pakati, apo ayi boma likadzasintha ena adzabwera usiku kudzafufuta ndipo tidzakhala tataya zonse.

Chinanso, mvula ya kuno si yamasewera. Khoma lopakidwa laimu kapena penti yotchipa dzinja limodzi lokha layamba kale ndere, lachiwiri lasupuka. Ndiye pasakhale zongojambula tsiku limodzi, kujambulitsa zithunzi nkubalalika. Pamwamba pakhale kadenga ka malata koteteza madzi, pansi ngalande, ndipo papezeke komiti ya anthu a pamsika pomwepo yoti chaka ndi chaka mvula ikatha azitsuka ndi kubwerezamo penti pomwe pafufutika. Mpikisano wa onyamula katundu m'phiri uja wa Porters Race umabweretsa anthu ambiri ku Likhubula chaka chilichonse, sabata imeneyo ikhoza kukhala yokonzanso khomali, anyamata a m'masukulu a sekondale nkumaphunzira kwa ojambula akuluakulu akugwira ntchito.

Ndipo asanagwire burashi aliyense, ayambe wakhala pansi ndi agogo. Akuluakulu omwe anagwira thangata ali ana kapena kuona makolo awo akugwira atsala owerengeka, omwe anaona 1953 ali ndi zaka za m'ma 80, chaka chilichonse tikuika angapo m'manda pamodzi ndi zomwe akudziwa. Masiku ano foni ili paliponse, ana a sukulu akhoza kupita m'midzi kwa Mabuka, kwa Chikumbu, kwa Mkanda, kwa Mthiramanja, kwa Njema ndi kwa Juma kukajambula mawu awo, nyimbo zomwe ankaimba pothyola tiyi, njira zomwe makolo awo anadzera pobwera kuno, kenako ojambula nkumvetsera nkuona choti aike pakhoma. Ntchito imeneyi yokha siifuna ngakhale chitini chimodzi cha penti ndipo ikhoza kuyamba teremu ino aphunzitsi a Chichewa ndi a mbiri atafuna.

Pempho langa likupita kwa a DC, makhansala, mafumu athu ndi a dipatimenti yoona za zakale ndi zipilala: itanitsani msonkhano pa Chitakale tsiku la msika, osati mu holo ya hotela, muitane ojambula masayini, osema, amayi a m'ma esiteti, a kabaza, mabanja omwe anataya abale pa Freddy, musankhe khoma. Anzathu a pa Luchenza, pa Thyolo Boma ndi kwa Bvumbwe nawonso ali ndi mbiri yawo ndi makoma awo, ngati awerenga kalatayi alembe tione maganizo awo. Ine pa msonkhanowo ndidzakhalapo, ndipo ma ovolosi a ojambula ndidzasoka ndekha osalipiritsa.

Telala wokhudzidwa,
Chitakale, Mulanje